Za Njanji Imene Inasanduka Njira ya Miyendo ndi Njinga

Munthu aliyense amene anakwerapo sitima ya pamtunda, ngati anali wa maso openyetsetsa, anaona kuti njanji siyenda monga umayendera msewu wa galimoto. Pakuti pamene msewu umakwera phiri molunjika nutsikira kuseri kwake, njanji imazungulira, imalambalala, ndipo ikasowa polambalala imaboola phirilo pamimba, kapena kuoloka chigwa pa mlatho wautali, zonsezo pofuna kuti isakomane ndi chitunda. Chifukwa chake sichili patali. Mawilo a sitima ndi achitsulo, njanji imene amapondapo ndi yachitsulonso, tsono chitsulo pa chitsulo chinzake chimaterera, kotero kuti injini yokoka mabogi olemera ikafika pokwera kwambiri, mawilo ake amangozungulira pamalo amodzi osapita patsogolo. Nchifukwa chake amisiri a njanji anali kuyesetsa kuti pa mtunda wa mamita 100 njanji isakwere kopitirira mita imodzi, kapena ipitirire pang'ono pokha. Ndipo chitunda cha Lickey, kufupi ndi Birmingham, chimene chimakwera mita imodzi pa mamita 38 alionse, chinamveka mbiri m'dziko lonse la Britain monga malo ovuta, pamene sitima zolemera zinali kudikira injini ina yodzazikankha kumbuyo.

Kusalaza dziko motero sikunali ntchito ya masewera. M'zaka za m'ma 1800, pamene Britain anali kuyala njanji m'zigawo zake zonse, makina okumbira anali asanafale, ndipo zitunda zinadulidwa, zigwa zinakwiriridwa, mapiri anabooledwa ndi manja a amuna zikwizikwi, ambiri mwa iwo amphawi ochokera ku midzi ya England, Scotland ndi Ireland, amene zida zawo zinali piki, fosholo, wilibala ndi wonga wophulitsira matanthwe. Anali kugona m'zisakasa m'mbali mwa ntchito yawo, ndipo ambiri anafera m'maenje ogumuka ndi m'mphanga zamdima, osasiya dzina lawo pa chipupa cha siteshoni iliyonse. Ndatchula anthu awa poyamba chifukwa nkhani yonseyi yagona pa ntchito ya manja awo. Ambiri amayesa kuti chuma cha njanji ndicho chitsulo chake, kapena injini zake zofuka utsi. Koma chitsulo chimazulidwa pa miyezi yowerengeka nichigulitsidwa kwa osungunula, injini nayo imadyedwa ndi dzimbiri, pamene chotsala, chimene mbadwo wathu sungathe kuchigula kachiwiri, ndicho kamzere ka dziko kosalala, kosaduka, kolowa mpaka pakati penipeni pa mizinda, kamene amuna aja anakakonza ndi thukuta lawo.

Pakati pa mzinda wa Bristol ndi mzinda wa Bath, kumwera chakumadzulo kwa England, panali njanji yotere. Chigawo chake choyandikana ndi Bristol chinali chakale ndithu, pakuti chinatsegulidwa mu 1835, ndipo poyamba ngolo zake zinali kukokedwa ndi akavalo, zitasenza malasha a ku migodi ya Coalpit Heath kupita nawo ku doko. Mu 1869 kampani ya Midland Railway inapatutsa mphanda pa Mangotsfield, niitsitsira ku chigwa cha mtsinje wa Avon, kudzera ku Warmley ndi ku Bitton, kuoloka mtsinjewo kangapo mpaka kufika ku Bath. Kwa zaka pafupifupi 100 njanjiyi inanyamula malasha, njerwa, antchito a m'mafakitale ndi ana a sukulu. Ndipo pa iyo panali kudutsanso sitima yotchuka ya Pines Express, imene inali kutenga anthu a ku Manchester kupita nawo ku gombe la nyanja ku Bournemouth, kukapuma mphepo yabwino atakhuta utsi wa kwawo.

Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nyengo zinasintha. Galimoto inatsika mtengo nilowa m'mabanja wamba, malole analanda katundu amene kale anali wa sitima, ndipo njanji, zimene boma linazitenga kukhala zake mu 1948, zinayamba kudya ndalama koposa zimene zinali kubweretsa, kufikira kuti pofika 1961 zinali kutaya mapaundi 300,000 tsiku lililonse. Boma linaitana Dr Richard Beeching, munthu wa sayansi ndi wa malonda wochokera ku kampani ya ICI, kuti aone chochita. Ndipo iye, atawerengetsa okwera ndi katundu pa njanji iliyonse, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a njanji zonse linali kunyamula gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a ulendo wa anthu ndi katundu. Mu March 1963 anatulutsa lipoti lake, m'mene analangiza kuti atseke makilomita 8,000 a njanji ndi masiteshoni 2,363. Kufikira lero dzina la munthu ameneyu limatchulidwa ndi chisoni m'midzi yambiri ya Britain, ndipo pali ena omuteteza, onena kuti masamu ake sananame. Ine sindikangana ndi masamu akewo. Chimene ndimadandaula nacho ndicho kuti iwo amene anatseka njanji sanaike lamulo lakuti malo ake asungidwe amphumphu. Sitima za anthu pakati pa Mangotsfield ndi Bath zinaleka kuyenda mu March 1966. Za malasha zinalimbikira kufikira 1971, ndipo pambuyo pake zitsulo zambiri zinazulidwa.

Taonani tsono zimene zimagwera njanji yakufa. Chaka choyamba pamamera udzu, chachiwiri minga, ndipo pasanapite zaka khumi pali kale nkhalango ya timitengo, mokhala nkhandwe ndi mbalame. Oyandikana nayo amayamba kutayirako zinyalala, matiresi ong'ambika ndi zitsulo za magalimoto akufa. Ngalande zotaya madzi zimatsekeka, ndipo mipata yokumbidwa m'zitunda imasanduka madambo. Komabe zonsezi n'zochizika, pakuti minga imalambulidwa ndipo zinyalala zimaoledwa. Chosachizika ndicho kugulitsa malowo chidutswachidutswa: mlimi agula kagawo kodutsa m'munda mwake nakalima, wamalonda amanga sitolo pamene panali siteshoni, khonsolo igwetsa mlatho poti ukuvuta kuusamala, wina amanga nyumba zinayi pakati penipeni pa mzere. Njira yotere ikunga chingwe cha pachitsime, chimene chikaduka pakati, ngakhale zidutswa zake zonse zikhale zolimba, sichitunganso madzi. Nyumba imodzi yomangidwa pa mamita 20 okha ikhoza kupha makilomita 20, popeza woyenda akafika pamenepo ayenera kutsikira mumsewu wa magalimoto, ndipo mayi amene akadalola mwana wake kupalasa njinga yekha pa njira yosaduka sadzamulolanso. Umu ndi mmene zinathera njanji zambiri za Beeching, ndipo ya ku Bristol nayo ikadatha motero.

Chimene chinaipulumutsa ndicho kagulu ka anthu wamba. Mu 1973 mtengo wa mafuta a galimoto unakwera modzidzimutsa pa dziko lonse, ndipo anthu ena ku Britain anayamba kufunsa ngati kunali kwanzeru kumanga moyo wa mizinda yonse pa galimoto yokha. Mu 1977 ena a iwo ku Bristol anapanga gulu lotchedwa Cyclebag, ndipo pakati pawo panali injiniya wa zomangamanga, John Grimshaw. Poyamba anali kungodandaula, monga amachitira magulu otere, kulemba makalata ndi kupempha khonsolo kuti iganizire okwera njinga; koma ataona kuti makalata sasuntha dothi, anatsimikiza mtima kumanga njira ndi manja awo, kuti akuluakulu aone ndi maso chimene makutu awo anali kukana kumva. Anapeza chilolezo chogwiritsa ntchito malo a njanji yakale, ndipo mu 1979 anayamba ndi chigawo cha makilomita 8 pakati pa Bitton ndi Bath. Anthu anabwera mongodzipereka, opanda malipiro, pa masiku awo opuma, atanyamula mafosholo ndi mawilibala, zida zomwe zija za amuna amene anakumba njirayo zaka 110 m'mbuyomo. Analambula tchire, nayala miyala yosinja, naitsendera kuti ilimbe. Pang'onopang'ono ndi mtolo: chigawo china chinatsata chinzake, makhonsolo anayamba kuthandiza ataona khamu la oyendamo, achinyamata osowa ntchito analembedwa ndi ndalama za boma kudzagwira nawo, ndipo pofika 1986 njira yonse, ya makilomita pafupifupi 21, inali itatha. Gulu lija linakula nilikhala bungwe lotchedwa Sustrans.

Wina angayese kuti kusandutsa njanji kukhala njira n'kungozula zitsulo basi. Si choncho ayi. Miyala imene imayalidwa pansi pa njanji ndi ikuluikulu ndi yakuthwa, yoti phazi silingayendepo mtunda wautali ndipo tayala la njinga limangogwedezeka. Iyenera kuphwanyidwa kapena kukwiriridwa ndi miyala yaing'ono, ndipo kumene oyenda ali ambiri pamafunika phula, monga anachitira pambuyo pake pa njira ya Bristol, poona kuti miyala yosinja imachita matope nthawi ya mvula ndi fumbi nthawi ya dzuwa. Madzi ndiye mdani wamkulu, ndipo ntchito yosaoneka koma yoposa zonse ndiyo kutsegula ngalande zakale zimene amisiri oyamba anaziika mwanzeru m'mbali mwa mzere. Milatho iyenera kuyesedwa ndi akatswiri, chitsulo chake kupalidwa dzimbiri, ndi kuikidwa zotchinga zazitali kuti mwana asagwe. Ndipo amene walandira mlatho walandiranso udindo woulera zaka zonse zakutsogolo, chinthu chimene chimaopsa makhonsolo ambiri koposa mtengo womangira njirayo. Palinso kanthu kena kamene anthu saganizira msanga. Njanji inamangidwa kuti anthu asalowemo. Inatchingidwa ndi mipanda, ndipo khomo lake linali siteshoni yokha, imodzi pa makilomita angapo. Njira ya miyendo ifuna zosiyana ndi zimenezo, ifuna makomo ambiri, pa sukulu, pa msika, pa kamsewu kalikonse; ndipo popeza mzerewo pena uli pamwamba pa mtumbira, pena pansi m'mpata wakuya, khomo lililonse lifuna potsetsereka pake posalala, poti nkhalamba ndi wa pa chikuku akwere osavutika.

Amene ayenda njirayi lero kuchokera ku Bristol amayamba pakati pa nyumba zothithikana za ku Easton, dera la anthu wamba, ambiri mwa iwo ochokera ku maiko akutali. Akwera pang'onopang'ono, mosazindikira n'komwe kuti akukwera, kudzera ku Fishponds, kumene mmisiri wina anaumba chinsomba chachikulu cha njerwa chozondoka. Kenaka alowa m'mphanga ya Staple Hill, yotalika pafupifupi theka la kilomita, yozizira ndi yodontha madzi, imene tsopano muli magetsi. Pa Mangotsfield apeza mabwinja a siteshoni, makoma opanda denga, ndi mitengo yobzalidwa pamene panali nsanamira. Amati mlembi Arnold Ridley, atasowa sitima nagona pa siteshoniyi usiku wina, ndi pomwe anatenga maganizo a sewero lake la The Ghost Train. Pa Warmley chipinda chodikiramo sitima chinasanduka malo ogulitsa tiyi, ndipo pa nsanja yake paima zifanizo zachitsulo za anthu a paulendo. Kupitirira Bitton nyumba zichepa, minda ndi msipu zitambasuka, njira ioloka Avon pa milatho yake yakale, kudutsa Saltford, nifika ku Bath. Munthu wa mphamvu zapakati amapalasa mtunda wonsewu pa maora osakwana awiri, ndipo m'malo owerengeka okha ndi m'mene amadutsana ndi msewu wa magalimoto.

Omanga njirayi mwina anali kuyembekeza anthu okayenda kokasangalala pa Sabata, ndipo otero amabweradi; koma chimene chinadabwitsa ambiri ndicho khamu la m'mawa ndi la madzulo pa masiku a ntchito. Anamwino opita ku chipatala, aphunzitsi, amisiri, ana a sukulu, amayi okankha tingolo ta makanda, okalamba amene dokotala anawalamula kuyenda, olumala pa zikuku zawo, onsewa anapeza kuti njira ya sitima yakale inali kufika kumene iwo anali kufuna kufika, pakuti midzi imene ili m'mbali mwake inakula chifukwa cha sitima yomweyo. Pofika 2007 maulendo a pa njirayi anali kupitirira 2 miliyoni pa chaka. Wowerenga wa kwathu, amene kwa iye njinga si choseweretsa koma ndiyo ngolo ya chimanga, ya makala ndi ya wodwala wopita ku chipatala, ndipo amene anaonapo wakabaza akudzigwetsera m'ngalande pothawa lole imene yamuimbira hutala kumbuyo, sasowa womufotokozera kuti chimene chimaletsa anthu kupalasa njinga si ulesi koma mantha. Chotsani galimoto, chotsani chitunda, ndipo anthu amene munali kuwayesa osafuna njinga adzatuluka m'nyumba zawo. Kwa ine ichi ndicho chokoma choposa pa njira zoterezi, kuti ndi msewu wa iwo amene misewu ina yonse inawakankhira kumbali, ndipo palibe wolipiritsa pa khomo lake.

Mbiri ya Bristol inafalikira. Sustrans inamanga njira zina pa njanji zakufa ndi m'mphepete mwa ngalande za mabwato, ndipo mu 1995 inalandira mapaundi oposa 40 miliyoni a ndalama za lotale ya dziko kuti ilumikize njirazo kukhala ukonde umodzi wa dziko lonse, wotchedwa National Cycle Network, umene makilomita ake oyamba 8,000 anatsegulidwa mu 2000. Ku Bath komweko, mu 2013, anatsegula njira yodzera m'mphanga ya Combe Down, yotalika mamita 1,672, imene pa masiku a sitima za nthunzi inali yoopedwa chifukwa inalibe potulukira utsi. Mu 1929 oyendetsa sitima ina anakomoka ndi utsi m'menemo, sitimayo inathamanga yokha kutsikira ku Bath nigubuduzika, ndipo anthu atatu anafa. Lero ana amapalasamo njinga ndi makolo awo. Sitinganene kuti Angerezi ndiwo anayamba nzeruyi, pakuti ku America mayi wina wophunzitsa za chilengedwe, May Theilgaard Watts, analembera kalata nyuzipepala ya Chicago Tribune mu 1963, kupempha kuti njanji yosiyidwa kunja kwa mzindawo ikhale njira ya oyenda pansi, ndipo kalatayo inabala Illinois Prairie Path. Ku Wisconsin njira ya Elroy-Sparta, ya makilomita 52 ndi mphanga zitatu, inatsegulidwa mu 1967. Spain anayamba zake mu 1993, ndipo New Zealand anatsegula njira ya makilomita 150 ku Otago mu 2000, imene inadzutsa timidzi ta alimi a nkhosa tomwe tinali kufota chichokere sitima.

Koma walira mvula walira matope. Njira ya Bristol m'malo ambiri ndi ya mamita atatu okha m'lifupi, ndipo pamene omanga anali kuopa kuti idzasowa anthu, tsopano vuto ndi kuchuluka kwawo. Pa ora la m'mawa wopalasa njinga amene wachedwa ku ntchito amathamanga ngati ali pa mpikisano, pamene patsogolo pake pali mwana wa zaka zinayi amene sadziwa kuyenda molunjika, agogo osamva bwino, ndi galu amene chingwe chake chatambasuka kuchoka mbali ina kufika mbali inzake. Madandaulo amachokera konsekonse: oyenda pansi amati njinga zimawadzidzimutsa, okwera njinga amati oyenda pansi amadzaza njira yonse atatseka makutu ndi nyimbo. Ena amati ajambule mzere pakati, uku njinga uku miyendo. Ena amayankha kuti mzere umapatsa wokwera njinga mtima wakuti mbali yake ndi yake yekha, nathamanga koposa. Kumene malo alola, kukulitsa njira kumathandiza, ndipo m'zigawo zothithikana za Bristol achita zimenezo. Koma kukulitsa kumadya mitengo ndi tchire la m'mbali, limene lakhala pothawira mbalame ndi tinyama pakati pa mzinda, ndipo okonda zachilengedwe nawo ali ndi mawu awo.

Ndiyesa kuti pa mlandu uwu phula ndi penti sizingathe zonse, ndipo chotsalacho ndi mwambo. Wamphamvu apatukire wofooka. Wa njinga alize belu akadali patali, osati atafika kale pa msana pa munthu, ndipo achepetse liwiro podutsa mwana, pokumbukira kuti iye mwini anabwera pa njirayi pothawa magalimoto amene anali kumuchitira zomwezo. Woyenda pansi naye asunge mbali yake, nafupikitse chingwe cha galu wake. Palinso nkhawa zina zimene siziyenera kubisidwa. Mpata wakuya umene masana uli malo a mtendere, usiku ndi malo obisika, opanda mazenera a nyumba oyang'anako, ndipo pa zigawo zina za njirayi anthu akhala akuchitidwa chifwamba, kotero kuti amayi ambiri amaipewa kukada. Magetsi, kudulira tchire ndi kuchulukitsa makomo kumachepetsa choopsacho, ngakhale sikuchithetsa. Ndipo zitsulo zopingasa zimene zinaikidwa pa makomo a njira zambiri pofuna kutsekereza njinga zamoto zinapezeka kuti zikutsekerezanso wa pa chikuku ndi mayi wa mapasa, anthu omwe aja amene njirayo inayenera kuwatumikira poyamba. Pambuyo pake Sustrans inayamba kuzichotsa kapena kuzikonza.

Funso lalikulu koposa ndasungira kumapeto, ndilo lakuti, nanga sitima ikadzafunanso malo ake? Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo zaoneka kuti sitima nayo imabwerera. Njanji ya Waverley ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1969, inatsegulidwanso mu 2015 kuchokera ku Edinburgh kufika ku Tweedbank, mtunda wa makilomita oposa 50. Koma ntchitoyo inadya ndalama zambiri, popeza m'zaka za pakatipo msewu waukulu unali utadula mzerewo, milatho ina inali itachotsedwa, ndipo nyumba zina zomangidwa pamenepo zinayenera kugulidwa ndi kugwetsedwa. Anthu a ku America anaona vutoli msanga, ndipo analiona mwa mtundu wina. Kumeneko makampani ambiri a njanji sanagule malo kotheratu, koma analandira ufulu wodutsa chabe, kotero kuti njanji ikangosiyidwa, malowo anali kubwerera kwa eni minda ya m'mbali, mzere wonse n'kusweka tsiku limodzi. Mu 1983 nyumba ya malamulo inakonza lamulo lakuti njanji yoleka kugwira ntchito ikhoza kusungidwa, osayesedwa yosiyidwa, ngati boma la dera kapena bungwe livomera kuisamala monga njira ya anthu kufikira tsiku limene sitima idzafunikenso. Eni minda ena anakwiya, nati alandidwa cholowa chawo, ndipo mlandu unafika ku khoti lalikulu la dzikolo, limene mu 1990 linagamula kuti lamulolo liime, koma kuti wolandidwa malo ali ndi ufulu wopempha chipukutamisozi ku boma. Mwa lamulo limeneli inabadwa njira ya Katy ku Missouri, yotalika makilomita oposa 380. Dandaulo la alimiwo silinali lopanda pake, pakuti munthu amene anazolowera sitima imodzi pa tsiku kuseri kwa khola lake sakondwa msanga ndi alendo mazanamazana oyang'ana m'bwalo mwake. Ndipo kumene omanga njira anakhala nawo pansi poyamba, namanga mipanda ndi zipata za ziweto monga anapempha, mtendere unabwera msanga koposa kumene anangowadzidzimutsa.

Komatu njira imene inasunga malo kuti sitima idzabwerere imayamba kukondedwa pa yokha, ndipo tsiku lobweza likafika anthu amakana. Izi zinaoneka ku Bristol mu 2008, pamene makhonsolo a derali anatulutsa maganizo akuti chigawo cha njirayi cha mumzinda chikhale msewu wa mabasi othamanga, oyenda pansi ndi njinga apatsidwe kampata m'mbali. Anthu zikwizikwi anasaina makalata okana, nayenda pa njirayo mwa chionetsero, ndipo maganizowo anasiyidwa. Pamenepo ndiyesa kuti anthuwo analondola, pakuti njirayo sinali malo ogona odikira ntchito. Inali kale kunyamula khamu tsiku ndi tsiku, popanda mafuta ndi popanda mtengo wokwerera, ndipo mabasi akadatha kupatsidwa malo pa misewu imene magalimoto anadzaza. Koma sindinganene kuti yankho limeneli liyenera ponseponse. Kumene tauni yonse yakhala zaka makumi asanu yopanda sitima, achinyamata ake nasowa njira yofikira ku ntchito ndi ku sukulu zapamwamba, sikungakhale chilungamo kuti okwera njinga pa Sabata atseke khomo. Chofunika n'chakuti obwezeretsa sitima amangire anthu njira ina yosalala ndi yosaduka ngati imene awalanda, ndi kuti mtengo wake uwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa njanji kuyambira pachiyambi.

Pa Bitton pali chitsanzo cha kukhalira limodzi. Kuyambira 1972 anthu okonda sitima zakale anayamba kukonzanso siteshoni ya pamenepo, ndipo lero Avon Valley Railway imayendetsa sitima za nthunzi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5, njira ya njinga ili pambali pake penipeni, pakati pali mpanda wa waya. Izi zinatheka chifukwa Midland Railway inayala mizere iwiri ya njanji, wopita ndi wobwera, kotero kuti mtumbira ndi milatho zili ndi malo okwanira sitima mbali ina, anthu mbali ina. Kumene njanji inali ya mzere umodzi, kapena kumene mphanga ndi milatho zili zopapatiza, monga ku Combe Down, mwayi wotere palibe, ndipo mlandu umatsala m'manja mwa makhonsolo ndi eni dera, kuti awerenge amene akuyenda pa njirayo lero ndi amene akadakwera sitima mawa, asanasankhe woti apatuke.